Ntchito Yovinitsa Azimayi a Eni

Msana wanga unawongoka chifukwa cha matabwa. Kuyambira ndili wachichepere ndinkakwera phiri la Zomba m'mamawa kukasenza matabwa a paini kumene anthu ankacheka, n'kutsika nawo pamutu mpaka m'tauni. Wosenza thabwa lalitali sawerama, sayang'ana zala zakumapazi, sagwedeza mapewa. Akatero thabwa limam'potola khosi. Sindinkadziwa kuti mayendedwe amenewo adzandilowetsa m'ntchito imene mpaka lero ndikaikumbukira ndimafuna polavulira.

Ndinachoka ku Matawale mitengo itayamba kutha kumtunda. Mbali imene tinkadalira anali ataimeta, kwinako kunapsa ndi moto, ndipo ocheka anayamba kumwazikana, ena ku Chikangawa, ena ku Mozambiki. Ine ndinasankha ku Joni. Akazi anga, mayi a Tadala, anali ndi khanda kumsana, Tadalayo atangoyamba kuyenda. Sanandiletse. Anandikazingira chimanga ndi mtedza, anandiperekeza kudepoti, ndipo basi itangoliza injini anatembenuka n'kumapita, osadikira kuti ndiwabayibitse.

Za m'njira sindinena. Ku Zomba kuno banja lililonse lili ndi munthu amene anazifotokoza kale. Ndinakathera ku Kepi, kumapeto kwenikweni, kumene mphepo imawomba ngati ili nawe chifukwa. Ndinkagona mumkhukhu, kanyumba ka malata okhaokha, khoma malata, denga malata, pansi mchenga. Amene anandilandira anali Saidi, mnzanga wa ku Malosa amene tinadziwana kale pa ntchito ya matabwa. Ananditenga ngati m'bale wake wa bere limodzi. Bulangete lokhuthala linali limodzi, ndiye m'nyengo yozizira tinkafunda tonse, wina mutu uku, wina mutu uko.

Ndinayamba ndi maganyu a m'magaladeni, lero apa mawa uko. Saidi yekha ankachoka m'mawa atatchena, malaya ena osinthira ali m'chikwama. Ndikamufunsa za ntchito yake ankangoti, "Ndi pasukulu." Tsiku lina anandiuza kuti pasukulupo akufuna wosesa, ndipo ndinapita naye.

Sukuluyo inali pamwamba pa sitolo ya mipando. Chipinda chachikulu, pansi matabwa osalala, makoma onse magalasi. Ankaphunzitsapo magule a azungu ovina awiriawiri, mwamuna ndi mkazi atagwirana: wolutsi, tango, chacha ndi ena. Ambiri obwera kudzaphunzira anali azimayi achikulire, amasiye ndi osiyidwa ukwati, amene analibe wovina naye. Ndiye sukulu inkasunga amuna oti aziwaphunzitsa ndi kuwavinitsa. Saidi anali mmodzi wa amunawo. Anandiyang'ana cham'mbali, kudikira kuti ndiseke. Sindinaseke, ndinali ndi njala.

Chimene chinandilandira ndi fungo. Thukuta lakale, perefyumu, polishi ndi nsapato, zonse zitatsekeredwa pamodzi chifukwa mawindo sankatsegula. Ntchito yanga inali kupukuta magalasi amene anthu anasiyapo mafuta a zipumi ndi zikhatho, kuchapa matawulo onyowa, ndi kukhuthula kabini ka m'chipinda chosinthira. M'kabinimo munkadzaza mapulasitala ochokera kumapazi, a magazi, a mafinya, ena atamatirira khungu. Ndinkaganiza kuti mbali yonyansa ya nyumba imeneyo ndi imene yagwera ine.

Mwini sukuluyo anali mzimayi wachizungu woonda, wa khosi lalitali, amene tonse tinkangomutcha Madamu. Tsiku lina anandiona nditasenza benchi pamutu kuchokera pansi mpaka pamwamba, manja ndili lende. Anandiimitsa, n'kundizungulira.

"Anakuphunzitsa kuyenda choncho ndani?" anandifunsa.

"Matabwa, Madamu."

Sanamve, komanso sanafune kumva. Anandigwira chibwano n'kuchitembenuza uku ndi uku, anandiuza kuti nditsegule pakamwa, anaona mano. Kenako anati ngati ndikufuna, andiphunzitsa kukhala mphunzitsi wa gule.

Pobwerera kumkhukhu, titatsika sitima, Saidi ananditembenukira. Ndiye anati, "Achimwene, ganizani bwino. Tsache silikugwirani matako."

Ndinaseka. Ndinkaganiza za malata a nyumba ya ku Matawale, ndi kuti mphunzitsi ndi mphunzitsi basi, ngakhale wa gule.

Maphunziro ankachitika m'mawa, makasitomala asanayambe kubwera, ndipo ukamaliza unkatenganso mopu wako. Choyamba anandipatsa nsapato za m'bokosi limene munkasungidwa za aphunzitsi amene anachoka. Zinali zitaumbika kale ndi phazi la munthu wina, m'kati muli mwakuda ndi thukuta lake. Mapazi anga otambalala a m'phiri analowamo mokakamiza. Matuza anatuluka, anaphulika, anatulukanso pamwamba pa akalewo. Zikhadabo za zala zazikulu zinada n'kugwa. Tsopano mapulasitala ena a m'kabini kaja anali anga, ndipo wokhuthula ndinali ine ndemwe.

Kuvina kwenikweniko sikunandivute monga ndinkaopera. Chimene palibe anandichenjeza n'chakuti mphunzitsi amayenera kudziwa mbali zonse ziwiri, ya mwamuna ndi ya mkazi, poti sungaphunzitse mzimayi kuyenda chobwerera iwe usanayendepo. Ndiye Madamu ankatigwirizanitsa ine ndi Saidi, chifuwa ndi chifuwa, amuna awiri a mabanja, magalasi akutionetsa mbali zonse. Lero mkazi ndine, mawa mkazi ndi iye. Dzanja lake lili pamsana panga, ntchafu yake ili pakati pa miyendo yanga, Madamu akuomba m'manja n'kumakuwa kuti ndifewetse chiuno.

"Osandiyang'ana m'maso, achimwene," Saidi ankanong'ona. "Yang'anani khutu langa. Ine ndimayang'ana khutu kwa aliyense."

Malangizo amenewo anandithandiza kuposa onse a Madamu. Makutu a azimayi a ku Kepi ndimawadziwa kuposa nkhope zawo.

Kenako panabwera za ukhondo. Makasitomala asanalowe, Madamu ankatiimika pamzere n'kumatinunkhiza mmodzimmodzi, m'khwapa, m'khosi, m'kamwa. Unkayenera kumuuzira mpweya kumaso. Akakwinya mphuno, unkabwerera kukasamba pasinki. Ndinaonapo anthu akugula mbuzi ku Jali, koma ngakhale mbuzi sainunkhiza m'kamwa. Anatiletsa kudya anyezi, usipa wouma umene anzathu ankabweretsa kuchokera kumudzi, chilichonse chokoma. Tinkakhalira kumung'unya masiwiti ozizira m'kamwa mpaka lilime kuchita dzanzi. Koma makasitomala panalibe wowanunkhiza. Ankabwera ndi adyo wa nkhomaliro, vinyo, fodya, ubweya wa agalu pamadiresi. Wina ankatuluka thukuta lozizira m'manja ngati wagwira nsomba. Wina ankageya pakhosi panga penipeni nyimbo ili m'kati. Iwe n'kumapuma momwemo, nkhope ili pafupi ndi nkhope.

Phunziro lalikulu koposa linali la kumwetulira. Madamu ankandiimika pagalasi, n'kundiuza kuti ndionetse mano, maso afewe, nsidze zikwere pang'ono ngati ndaona munthu amene ndinamusowa. Ndikafika pamene akufuna, ankandiponda chala ndi chidendene cha nsapato yake yosongoka, n'kumayang'ana m'galasi ngati nkhope yasintha. Ikasintha, tinkayambiranso.

"Kasitomala salakwa," ankatero. "Akakuponda, wopepesa ndiwe. Akagwa, wamugwetsa ndiwe. Akavina ngati thumba la simenti, umuuze kuti lero wapepuka."

Ndinaphunzira. Ndinafika poti munthu akhoza kundiponda pachilonda chosapola, ine mano ali mbee, n'kumuuza kuti akupita patsogolo.

Pang'onopang'ono ndinazindikira kuti gule anali nyambo chabe. Ntchito yeniyeni inali kuti mzimayi akamaliza maphunziro amene analipira, agule ena. Tinkaloweza mayina a agalu awo, a zidzukulu zawo, matenda awo. Lamulo lolembedwa linkati mphunzitsi asachite chibwenzi ndi kasitomala. Lamulo losalembedwa linkati kasitomala aliyense azipita kwawo akuganiza kuti mwina, tsiku lina, zikhoza kutheka.

Si onse anali oipa. Kasitomala wanga woyamba anali mayi wina wofatsa, wa tsitsi loyera, amene mwamuna wake anali atangomwalira. Ankavina atatsinzina, ndipo nthawi zina ankandiitana ndi dzina la malemuyo, n'kupepesa. Ndinkamumvera chisoni chenicheni. Ankandikumbutsa azakhali anga a ku Thondwe. Ndinalakwa kumuuza Madamu. Anandituma kuti ndikafunse mwanzeru perefyumu amene malemuyo ankadzola, ndipo sabata yotsatira kabotolo kanali pa shelefu ya m'chipinda chosinthira, dzina langa litamatidwapo. Mayi uja atalowa m'manja mwanga tsiku limenelo anaima, anapuma mozama, misozi n'kuyamba kutsika. Anagula maphunziro a chaka chathunthu. Madamu anandisisita paphewa pamaso pa anzanga. Ine nditafika kumkhukhu ndinasamba ndi sopo wochapira zovala, koma fungo la munthu wakufayo linakhalabe m'mphuno.

Kunyumba ndinkatumiza zimene ndinkapeza, ndipo mayi a Tadala anayamba kukhoma malata, anaika Tadala kusukulu ya mkaka. Pafoni ndinkanena zimene Saidi anandiuza poyamba paja: ndili pasukulu. Nditayamba kuphunzitsa ndinawonjezera kuti andikweza, tsopano ndine mphunzitsi. Apongozi anga ku Zakazaka anafalitsa kwa azimayi onse a kumpingo kuti mkamwini wawo akuphunzitsa azungu.

Lachisanu lililonse madzulo kunkakhala phwando la makasitomala. Lamulo linali lakuti mzimayi asakhale pampando nyimbo ziwiri zotsatizana. Tinkayenda kuchokera m'manja awa kupita m'manja awo, malaya n'kunyowa, kukasintha, kubwereranso. Pamaphwando amenewo ndi pamene ndinamudziwa bwino mzimayi amene tinkamutcha Mayi Mphete, chifukwa chala chilichonse chinali ndi mphete, ndipo akakufinya dzanja zinkacheka. Anali wolemera, ankagula chilichonse chimene Madamu ankagulitsa, ndipo mphunzitsi wake anali Saidi. Dzanja lake lamanzere, limene linkayenera kukhala paphewa, silinkakhazikika. Linkatsika kumsana, kulamba, kupitirira. Saidi ankalibweza mwaulemu ngati akukonza kaimidwe, lokha n'kutsikanso.

Saidi anali munthu wopemphera. Kamkeka kake kopemphererapo ankakasunga kuseri kwa makatoni m'chipinda chosungiramo mopu, ndipo pakati pa maphunziro ankalowamo. Tsiku lina anandiuza kuti chimene chimamupweteka si manja a mzimayiyo ayi, koma kuti amasamba bwinobwino n'kupemphera, kenako n'kutuluka kukagwidwanso pomwepo.

Lachisanu lina Mayi Mphete anabwera atamwa. Ine ndinali kuvina chapafupi, ndipo ndinaona zonse m'galasi. Pakati pa nyimbo analowetsa dzanja m'thumba la buluku la Saidi n'kumugwira kumaliseche, akuseka. Saidi anaima. Anagwira dzanjalo pamkono, analitulutsa, n'kulikankhira kwa mwini wake. Sanamumenye. Kumwetulira kokha ndi kumene kunachoka pankhope pake. Mzimayiyo anayang'ana uku ndi uku, anaona kuti anthu aona, ndipo anayamba kukuwa kuti Saidi wamupotola dzanja, kuti wakhala akumugwiragwira kuyambira kale.

Madamu anamutengera Saidi mu ofesi n'kumuuza kuti akapepese pamaso pa onse. Saidi anati, "Ndipepese chiyani?" Anatenga kamkeka kake n'kutsika masitepe. Sipanapite masiku, apolisi anafika kumkhukhu ine ndili kuntchito. Saidi analibe mapepala okhalira m'dzikomo, ndipo Mayi Mphete ankadziwa, chifukwa anamulonjezapo kuti adzamukonzera. Anamutsekera kumene amasungira anthu otere, kenako anamukweza basi yobwerera kumudzi. Ndinapeza chitseko chili pululu, tiyi wake atazizira m'kapu.

Ndinalowa mu ofesi ya Madamu n'kumuuza zimene ndinaona m'galasi. Anandimvetsera akudya apozi.

"Ndikudziwa," anatero. "Ndinaonanso. Amatero ndi aliyense. Saidi akanangotembenuka n'kusintha sitepe, dzanja likanatuluka lokha. Ndinakuphunzitsani zimenezo."

"Ndiye munthu wapita chifukwa cha bodza, Madamu?"

"Wapita chifukwa analibe mapepala. Iwe uli nawo?"

Ndinalibe. Anataya chitsononkho cha apozi m'bini, n'kundiuza kuti kuyambira Lolemba Mayi Mphete ndi wanga.

Ndinavina naye. Ana anali pasukulu, malata anali atakhomedwa theka, ndipo m'thumba mwanga munalibe pepala lililonse. Ndinasoka matumba a mabuluku anga onse ndi ulusi wakuda. Iye atazindikira anaseka kwambiri, nanditcha wochenjera. Ndinkayang'ana khutu lake, lotuwa ndi paudala, ndolo yolemera italikoka mpaka bowo kutalika, ndipo ndinkamuuza kuti lero wapepuka.

M'nyengo yomweyo kunabwera mkulu woyesa mayeso, mzungu wokalamba wa tayi. Ndinavina mbali ya mwamuna, ndinavina ya mkazi, ndinafotokoza kumene phazi limaponda ndi kumene thupi limaloza. Ndinakhoza. Anandipatsa satifiketi ya zilembo zagolide, ndipo Madamu anaipachika pakhoma la sukulu, osati kundipatsa m'manja. Ndinaiyang'ana n'kuganiza za Saidi, amene anandiphunzitsa theka la zimene zinandikhozetsa.

Satifiketiyo inabwera ndi chionetsero. Mayi Mphete analipira kuti avine tango ndi ine pamaso pa alendo muholo ya hotela ina. Anandigulira malaya akuda otseguka mpaka pamchombo, ndipo Madamu anandipaka mafuta pachifuwa kuti chiziwala. Pamapeto a gule mzimayiyo ankayenera kukoleka mwendo wake m'chiuno mwanga, ine n'kumuweramitsa chagada, nkhope yanga ili pakhosi pake. Tinachita. Anthu anaomba m'manja. Wina anajambula kanema, Madamu n'kukaika pa intaneti kuti aitanire makasitomala.

Amalawi tili paliponse, ndipo foni ilibe chitupa chodutsira malire. Kanemayo anafika ku Zomba. Woyamba kundiimbira anali alamu anga, mchimwene wawo wa mayi a Tadala.

"Alamu, sukulu yanu ija taiona," anatero. "Yunifolomu yake ndi yabwino."

Ndinaimbira mayi a Tadala. Foni inkaitana mpaka kuduka. Ndinaimba tsiku lotsatira, ndi linalo. Kenako inasiya n'kuitana komwe.

Nditamuuza Madamu kuti ndikupita kwathu, sanakwiye. Anati Amalawi aatali ali mbwee pageti, ndipo anandikumbutsa kuti nsapato ndi za sukulu. Ndinazibweza m'bokosi muja, zitaumbika ndi phazi langa tsopano.

Ndinafika ku Zomba masana, dzuwa lili pamutu. Phiri linali ndi zipsera zambiri kuposa mmene ndinalisiyira, ndipo m'tauni munali mutadzaza njinga zamoto. Wakabaza amene ananditenga kudepoti ananditembenukira tili m'njira, n'kufunsa, "Kodi si inu a Tango?" Ku Matawale ndinapeza nyumba ya malata atsopano, loko ali pachitseko. Aneba anandiuza, maso ali kumbali, kuti mayi a Tadala anatenga ana n'kupita kwa amayi awo ku Zakazaka. Mlongo wanga, amene ana ake ndinkawagulira mayunifolomu chaka ndi chaka, anandipatsa moni ataima patali, ngati ndabwera ndi mphere. Koma chikwama anachilandira ndi manja awiri.

Ankhoswe anapangana tsiku lokambirana. Ndinaganiza kuti munthu mmodzi yekha angandichitire umboni, ndiye ndinakwera minibasi kupita ku Malosa. Ndinamupeza Saidi pansi pa mtengo m'mbali mwa msewu, akumata machubu a njinga. Anali ataonda, ndevu zitachita imvi. Tinagwirana chanza nthawi yaitali, aliyense akuyang'ana khutu la mnzake, mpaka tonse tinaseka. Anandigulira tiyi ndi mandasi. Nditamuuza chimene ndabwerera, anapukuta manja pansanza.

"Achimwene, kuno akudziwa kuti ndinkagulitsa m'sitolo ya mipando," anatero. "Akazi anga, ashehe, onse. Ndikakaima ku Zakazaka n'kunena zoona, mawa zafika kuno. Mukufuna nyumba zigwe ziwiri?"

Sindinamukakamize. Anandiperekeza pokwerera, ndipo minibasi ikubwera anati, "Sikomo posoka matumba. Ine nzeru imeneyo sinandifikire." Ndinali nditamuuza ngati nthabwala, koma iye sanaseke.

Bwalo linakhala pakhonde la apongozi ku Zakazaka, kumene nyumba zinathithikana moti ukatsokomola aneba amayankha. Mbali yanga kunali amalume, mbali ya akazi anga kunali alamu aja. Mayi a Tadala anakhala pamphasa chapatali, atafunda chitenje kumapewa, osandiyang'ana. Kuseri kwa mpanda wa udzu kunali mitu ya anthu.

Alamu anatulutsa foni. Inayenda m'manja mwa akuluakulu onse, ndipo aliyense ankaonera mpaka kumapeto. Mkulu wina wa kumpingo, amene anabwera osaitanidwa, anapempha kuti amubwezerenso poyambira, ati sanaone bwino. Ankakulitsa chithunzi ndi zala pamene pali mwendo wa mzimayi uja, uku akupukusa mutu n'kumati dziko latha. Ndinamuyang'ana, ndipo kunyansidwa kumene ndinkakumva ku Kepi kunandipeza pakhonde la apongozi anga.

Ndinafotokoza zonse: tsache, nsapato, kununkhizidwa, Saidi, ngakhale dzina lake sindinalitchule. Ndinati ndi ntchito, yophunzira ngati ukalipentala, ndipo chilichonse cha mukanemamo chinali chokonzeratu.

"Ngati ndi ntchito, tionetseni," anatero alamu. "Kalipentala amaonetsa mpando."

Panalibe mzimayi amene akanalola kuti ndimugwire, ndiye amalume anaimirira okha, munthu wamkulu wa jekete lake la maliro. Ndinawagwira dzanja, linalo ndinaliika pamsana pawo, n'kuwayendetsa chobwerera pabwalo la fumbi. Anapunthwa, anandiponda, ndinawatembenuza. Kuseri kwa mpanda anthu anafa nacho chiseko. Ngakhale apongozi anabisa kukamwa ndi chitenje. Amalume anabwerera pampando akupuma wefuwefu, n'kunena kuti zoona, mwanayu sakunama, chinthuchi chili ndi malamulo ake.

Anthu anayamba kumasuka, ngati nkhani yatha. Ndi pamene mayi a Tadala analankhula, koyamba chifikireni.

"Bambo a Tadala, mzimayi wa mukanemayo munkamukonda?"

"Ayi. Ndinkanyansidwa naye. Ndi amene anamangitsa mnzanga."

"Nanga mmene mukumusekereramo?"

"Anatiphunzitsa. Ngakhale akuponde pachilonda, nkhope isasinthe."

"Mmene amalume anakupondani pompano, munawasekerera chimodzimodzi. Mmene mumalowa pageti paja, munandisekerera chimodzimodzi." Anakonza chitenje paphewa. "Zoti munagona naye kapena ayi, ndasiyira Mulungu. Koma ine ndidzadziwa bwanji tsiku limene mwanyansidwa nane?"

Palibe anaseka. Ndinatsegula pakamwa, ndipo ndinamva masaya anga akukwera okha, mano akufuna kutuluka. Ndinaphimba nkhope ndi dzanja.

Ankhoswe anagamula kuti banja lisathe, koma mayi a Tadala anakhalabe ku Zakazaka mpaka mvula itayamba. Atabwerera ku Matawale ananena poyera kuti abwerera ana. Tinkakhala m'nyumba imodzi mwaulemu, ngati anthu ochita lendi. Ndikawayamikira ndiwo ankandiyang'ana kaye nthawi yaitali asanayankhe. Ndikawagwira paphewa ankauma thupi. Ine ndinapeza ntchito pamalo ena opalira matabwa m'tauni, ndipo anthu okonzekera maukwati anayamba kundifunafuna kuti ndikaphunzitse operekeza akwati kuvina. Mkulu wa kumpingo uja anatumanso mthenga, mwana wake akukwatiwa. Onse ndinawakana, ndipo ndimakanabe.

Tsiku lina Loweruka ndinali kukonza chitseko cha kukhitchini chimene chiswe chinadya. Mayi a Tadala anali kuchapa pabwalo, ana atapita kotunga madzi. Hamala inaphonya msomali n'kutera pachala changa chachikulu. Ndinaponya hamalayo kumpanda, ndinatukwana chitseko, chiswe, msomali ndi amene anaupanga, mawu oti sindingawabwereze pano. Nkhope inali itakwinyika, misozi ili m'maso, ndikudumpha ndi mwendo umodzi.

Nditatembenuka ndinapeza asiya kuchapa, thovu lili m'manja, akundiyang'anitsitsa. Ndinayamba kupepesa chifukwa cha mawuwo.

"Musapepese," anatero. Anapukuta manja pachitenje, anabwera pamene ndinaima, n'kutenga dzanja langa kuti aone chalacho. "Chikhadabochi chichoka. Khalani pansi, ndikatenge madzi a mchere."

Analowa m'nyumba. Ndinakhala pakhonde, chala chikugunda ngati mtima, nkhope ili chikwinyire, ndipo sindinaikonze.